Kompyuta Yopanda Miyendo

Pa 6 Febuluwale

Okondedwa amayi a ana anga,

Choyamba moni. Muli bwanji kumeneko, inu ndi mzime wathu, nanga msana wanu uja? Ine kuno ndili bwino, ndikudya, ndikugona, ndikupita kuntchito. Akulemba ndi a Telala monga mwa masiku onse, anzanga ogona nawo chipinda chimodzi. Ine ndikulankhula, iwo cholembera chili m'manja, ndipo ayamba kale kudandaula kuti pepala lichepa. Ndawauza kuti munthu amene sanapite kusukulu nkhani zake zonse zimakhala pakamwa, ndiye apirire. Pafoni mukudziwa kuti sinditha, ndikangomaliza moni mayunitsi atha.

Kalata yanu a Dalaivala a lole anandipatsa Loweruka. A Telala atafika pa nkhani ya kompyuta ya mwana, ndinati bwerezani. Anabwereza. Ndiye kuti magetsi anabwerera mwaukali itatha mvula, chibokosi cha pansi pa tebulo n'kutulutsa utsi, basi kwatha? Mayo ine. Ndikuchiona m'maso mwangamu chipinda chakutsogolo chija, zenera la kumsewu lili chitsegulire, anthu ali pabenchi ndi mapepala awo, uyu kalata yofunsira ntchito, uyu makhadi a ukwati, mwana wathu zala zili pakiyibodi ngati mvula pamalata. Bambo wake ngakhale dzina langa sinditha kulemba. Mulungu amadziwa kuseka nafe.

Koma chandisowetsa tulo si kompyutayo ayi. Ndi mawu omalizira aja, oti mwana akuti m'malo mokhala manja lende abwere kuno adzafune ntchito ya muofesi. Amayi, ayi. Mumuuze kuti bambo ako akuti ayi. Ngati wanyengeka ndi chithunzi changa chija chili pakhoma, muululireni: jekete ndinavala paja ndi ya kasitomala wa a Telala, anandibwereka n'kundiima kumbuyo kuti ndisaithimbirize. Nyumba yagalasi ili kumbuyo kwangayo ndinangodutsapo, mlonda wake anali atayamba kale kundiyang'ana. Ine ntchito yanga ndi kukankha ngolo ya matailosi m'nyumba yosungira katundu, ndi kusesa abwana akachoka. Zina za kuno sizilembedwa papepala.

Mwana akhale pomwepo, kompyuta ina ndimupezera ine. Vuto n'lakuti chibokosi chachikulu a Dalaivala amalipiritsa malo ake ngati munthu wamoyo, ndiponso ndi mabampu a msewu uja chingafike chili zidutswa. A Telala akuti iliko ina yopinda ngati buku, dzina lake laputopu, ndipo akuti imagwira ntchito yomweyo. Ndimaiona ndi anyamata a muofesi. Ndinkayesa ndi choseweretsa cha anthu olemera. Ndikafunsa kwa odziwa.

Mu envulopumu muli kangachepe. Mugule malata a pamene pakudontha paja, chotsala mugulire mafuta opaka msana. Kwa alamu anu aja musakabwereke kanthu, ngongole yawo imabereka usiku.

Ndine wanu,
Bambo a ana


Pa 2 Malichi

Amayi a ana anga,

Moni wa kuno. Ndikhulupirira nonse mwadzuka bwino. Ine ndili bwino.

Khalani pansi, ya lero ndi yaitali. Laputopu ndagula. Ili m'katoni imene a Dalaivala akupatseniyi, ndaikulunga m'bulangete langa lachiwiri. Bulangetelo musabweze, kuno kukutentha.

Tinapita ndi a Telala kwa munthu wokonza makompyuta, anthu amangoti a Mawaya. Kashopu kawo kali pansi pa masitepe a nyumba yosanja, polowa umawerama ngati ukupepesa. M'mashelefu makompyuta akufa ali mbwee, ena matumbo ali panja. Eni ake ndi onenepa, magalasi awo anamanga ndi waya, dzinalo linachokera pamenepo.

Ndinati, "Achimwene, ndikufuna kompyuta ya patebulo, koma yoti ikwane pansi pa mpando wa lole."

Iwo anati, "Madala, mukufuna ng'ombe yokwana m'thumba?"

Ndinati, "Eya, ndipo ikhale yamkaka."

Anaseka mpaka magalasi kutsika. Anafunsa chimene chinapulumuka kumudziko. Ndinati monga munalembera: sikirini ilipo, kiyibodi ilipo, kambewa kosuntha ndi dzanja kaja kalipo, pulinta ilinso bwino. Anati, "Ndiye mwana wanu thupi lonse ali nalo, wangosowa mutu." Anatulutsa laputopu yakuda, yachikale, yokhuthala, pakona inatemeka pang'ono. Akuti zoterezi n'zolimba kuposa zopyapyala za masiku ano. Anailumikiza ku sikirini yaikulu pomwepo ine ndikuona, zithunzi n'kutulukira uko. Inu, nzeru za anthu!

Tsono mwana amve bwino, ndikunena momwe anandiuzira, ine khutu ndiye sukulu yanga. Chingwe chakale cha sikirini, cha mutu wabuluu chija, chilowe m'mbali mwa laputopu. Kiyibodi, kambewa ndi pulinta zili ndi timabowo take, koma timabowoto n'tochepa, ndiye m'katonimo muli kachipangizo kowonjezera mabowo. Laputopuyo aiike pa timatabwa tiwiri kuti mpweya uzidutsa pansi, chifukwa akuti imapumira kumimba. Pabedi ayi. Ndipo inu amayi, kansalu kanu koluka kamene mumaphimba nako chilichonse m'nyumba, wailesi, Baibulo, ngakhale ine ndikagona pampando, apa pokha ayi. Mulinso soketi yaitali yoteteza magetsi aukali, zonse zizidyera pamenepo.

Tsopano pali kankhani kena. A Mawaya anaitembenuza laputopu ija, n'kukankha ndi chala, kunsi kwake kunatuluka chinthu chachitali ngati chigwiriro cha chikwanje. Anati, "Ili ndi batire, madala. Apa ndi pamene laputopu imaposera ya patebulo. Magetsi akazima iyo imagwirabe. Mwana wanu akhoza kuipinda, kuiponya m'chikwama, kukwera nayo basi, kukagwira ntchito kulikonse, ngakhale kuno."

Ngakhale kuno. Mawu amenewo anandilowa ngati munga.

Ndinafunsa, "Popanda limenelo imayaka?"

"Imayaka, bola chingwe chikhale pakhoma. Chikangochoka, yafa."

Ndinati, "Ndiye lisiyeni panja."

A Mawaya anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anati, "Anthu amabwera kuno kudzalirira batire, inu mukulichotsa?" A Telala nawo analowerera, akuti, "Akulu, kwanu magetsi amaphethira ngati diso, mukumuchimwira mwana. Ndiponso akafuna kubwera, kuno masoketi kulibe?" Ndinati musandisokoneze. Yakale ija inalibe batire, ndipo mwana anagwira nayo ntchito osayang'ana kumsewu. Ine ndinadzagula kompyuta ya patebulo. Ya patebulo ilibe miyendo.

Choncho mukaona bowo kunsi kwake musati a Dalaivala aba. Batire ndasunga ine, lili m'sutikesi. Mwana akafunsa musamunamize, mungoti lili ndi bambo ako.

A Telala akuti dzanja lawo latopa ndipo alemba zimenezi mtima usakufuna. Ndawauza kuti alembe basi, mtima ausunge.

Mwezi uno ndalama yapita ku katoniyi, mupirire.

Wanu,
Bambo a ana


Pa 13 Epulo

Amayi a ana anga,

Moni nonse. Ine ndili bwino ndithu, kungoti katoni ya matailosi inandipsompsona phazi sabata yatha. Si nkhani. Ndamanga kansalu, ndikuyenda.

Kalata yanu yandidyetsa kuposa chakudya. Ndinawauza a Telala kuti awerenge kawiri pamene mwati benchi yadzazanso, ndipo kachitatu ndinanena ndekha pamtima. Mwati mwana analumikiza zonse yekha osaitana munthu, ndipo akuti laputopuyo ndi yachangu kuposa chibokosi chija? Nanga! Ndiye anthu akalowa amayang'ana pansi pa tebulo kufuna kompyuta, osadziwa kuti ndi kabuku kali pa timatabwa? Ndaseka mpaka a chipinda chinacho kugogoda khoma.

Mwalembanso kuti mwana ataitembenuza n'kuona bowo lija anangoti, "Ababa!" n'kupukusa mutu. Musiyeni apukuse. Mutu wopukusa uli pakhomo ndi wabwino kuposa wogwedeza uli kutali.

Amayi, ndikuuzeni chimene ndikuchitira zimenezi, mungayese ndakalamba ndi nkhanza. Kumapeto kwa khonde lathu lino kuli chipinda cha mtsikana wina, msinkhu wa mzime wathu. Anafika chaka chatha ndi mapepala a sukulu m'pulasitiki, tonse anationetsa, masitampu ali ngwee. M'mawa uliwonse ankatuluka atasita bulauzi, madzulo n'kubwera nsapato zili m'manja. Kuofesi iyi akuti bwerani mawa, kuofesi iyo akuti chilolezo chili kuti. Ankaseka, ankati mawa zitheka. Tsopano m'mawa satulukanso. Amatuluka ife tikamabwera, ndipo mapepala aja sawatchulanso. Tikakumana pampopi amati, "Mwaswera bwanji, bambo," maso ali pansi. Ine sindimufunsa. Kwawo amatumiza chithunzi, ngati changa chija.

Ndasiyira pomwepo.

Kuno buledi wakwera, lendi nayonso eni nyumba akuti aiganizira, ndipo akati aiganizira ndiye kuti aiganizira kale. Kuntchito abweretsa galimoto yaing'ono yonyamula katundu ndi mafoloko awiri kutsogolo. Imachita kamodzi zimene ife timachita m'mawa wonse, ndipo siipempha tiyi. Anyamata akuikonda. Ine ndimangoipatsa njira.

Mwana azipukuta fumbi ndi kansalu kouma. Tiyi asaike pafupi. Ana a makasitomala asagwire. Ndatumiza pang'ono, mugule mapepala a pulinta, chotsala shuga.

Wanu,
Bambo a ana


Pa 8 Juni

Amayi,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino m'thupi, poti mumtima ndamva kale mmene muliri. Ine ndilipo. Masiku ano ndikupumulako, a kapitawo anati ndibwere phazi likayamba kulowa mu nsapato. Ndi anthu abwino, akundiganizira.

Ndamva zonse. A hedi a sukulu anabweretsa mayeso a makalasi onse kuti mwana atayipe, ntchito yaikulu imene sanailandirepo. Tsiku loyamba magetsi anaphethira, za m'mawa wonse n'kupita. Anayambiranso. Tsiku lina inu mukusesa tsache linakhudza chingwe, sikirini bii, zinapitanso. Kachitatu magetsi anazima a hediwo ataima pakhomo, n'kutenga mapepala awo kupita nawo kwina. Amayi, za tsachelo musadzidye nazo mtima. Nyumba imasesedwa.

Mawu amene mwana analemba yekha pansi pa kalata yanu a Telala anafuna kuwadumpha. Ndinaona maso awo akuthamanga, ndinati werengani, ndine bambo wake. Akuti, "Ababa, mwandigulira njinga, tcheni mwasunga." Akutinso kompyuta yakale ija inali ndi kabokosi kena kolemera pansi, kamene kankalira magetsi akazima n'kumupatsa mpata wosunga ntchito, ndipo kanapsera limodzi. Ine ndinkayesa kabokosi kaja n'kopondapo mapazi. Ndani anandiuza? Akutinso wayenda m'mashopu onse, batire la mtundu wakale umenewu silikupezeka.

Chabwino. Koma nanenso ndiyankhe. Azisunga ntchito pafupipafupi, a Mawaya akuti pali pongodina. Chingwe achimange ndi tepi ku mwendo wa tebulo. Wosoka saleka kusoka chifukwa ulusi waduka, si choncho a Telala? Akuti ndisawalowetsemo.

Dzulo tinakangana, ine ndi iwowa. Anati, "Akulu, mbuzi yomangidwa chingwe chachifupi ndi imene imadula." Ndinati mwana wanga si mbuzi. Anati, "Nanga mwamumangiranji?" Ndinati inu mulibe mwana wamkazi. Anati, "Ndinali naye, ndinamuletsa zonse, pano ngakhale kumene ali sindikudziwa." Atatero anatsegula makina awo n'kuyamba kusoka chinthu chimene chinali chosokedwa kale. Tagona chipinda chimodzi zaka zonsezi, nkhani imeneyo ndinali ndisanaimvepo. Ine wolankhula kwambiri ndimaiwala kuti anzanga nawo ali ndi pakamwa.

Komabe batire likhale kuno kaye. A hedi si okhawo padziko, ena abwera. Mwana akwiye, mkwiyo umatha. Msewu ndi umene sutha, ine ndinaukwera tsitsi lili lakuda.

Kuno kwayamba kuzizira pang'ono, koma bulangete limodzi likukwana. Mwezi uno envulopu ilibe kanthu, kuofesi akuti makina olipirira asokonezeka. Wamawa zikhala bwino.

Wanu,
Bambo a ana


Pa 3 Ogasiti

Amayi a ana anga,

Moni. Muli bwanji? Ine ndilipo.

Lero sindichulutsa, a Telala akudabwa.

Mwati benchi yagulitsidwa. Mwati zenera la kumsewu silitsegulidwanso, anthu analeka kubwera chifukwa mbiri inamveka kuti pamenepo ntchito imasowa. Mwati mwana akutsatsa pulinta kuti apeze ya basi, ndipo wakuuzani kuti mwezi ukatha anyamuka, ine ndifune ndisafune. Mwandifunsa funso limodzi: "Bambo, mwamusunga kapena mwamuthamangitsa?"

A Telala atawerenga pamenepo sanandiyang'ane. Bola akanandinyoza.

Ndinatsegula sutikesi. Batire lija linali pansi pa malaya anga a kutchalitchi, lili phee, lopanda mlandu. Ndinalinyamula m'manja. Kanthu kopepuka, amayi, kosafika ngakhale njerwa imodzi, koma kagwetsa benchi, katseka zenera. Ndinatumiza a Telala kwa a Mawaya kuti akalione ngati lidakali moyo. Akuti lili bwino, lingofunika kudya magetsi tsiku lathunthu lisanayambe ntchito. Akutinso, "Muwauze madala aja kuti ng'ombe yamkaka saichotsa bere." A Telala, mukawauze kuti ndamva.

Lili m'sokosi, sokosiyo ili m'kabokosi ka sopo, a Dalaivala akupatsani m'manja. Mwana alilowetse mpaka limve kuti thwa.

Tsopano mawu awa muwawerenge iye ali pomwepo. Mwana wanga, laputopuyo ndi yako, ndi miyendo yake yomwe. Sindikuika lamulo lililonse. Ukafuna kuiika pa timatabwa paja n'kutsegulanso zenera, ndidzathokoza Mulungu. Ukafuna kuipinda n'kukwera nayo basi, ndilibe chingwe china chokumangira, ndipo ngakhale ndikanakhala nacho ndaona chimene chimachita. Chimodzi chokha ndikupempha: pulinta usagulitse msanga. Yamba wayesa.

Amayi, mukapita kutchalitchi mundikumbukire. Za ndalama tikambirana ulendo wina.

Wanu,
Bambo a ana

Mayi, apa ndikulemba ine Telala, iwo sakudziwa. Phazi lija si la kansalu ayi. Kuntchito analembako wina kalekale. Kuchipatala akukana, akuti akawafunsa mapepala. Ine ndayesa, sandimvera.


Pa 1 Seputembala

Amayi,

Moni. Kodi muli bwino? A Dalaivala abwera manja okha, akuti kabokosi anapereka kwa inu, ndipo inu munangoti zikomo. Kalata ayi, mawu ayi. Ndinawafunsa ngati zenera la kumsewu linali lotsegula. Akuti iwo amayang'ana msewu, osati mazenera a eni.

Mwezi uja watha. Kodi mwana ali pakhomo? Ngati ananyamuka ndiuzeni tsiku, kuti a Telala akamudikire pamene mabasi amaimira. Malo amenewo si oti mtsikana aime yekha ndi chikwama. Kuli anthu okoma pakamwa amene amati tikunyamulireni.

Ngati mwandikwiyira, kwiyani ndi mawu. Foni yanga ili kwa munthu, ndiitenga posachedwa, ndiye lembani basi.

Ine ndili bwino. Masiku ano ndimakonda kugona.

Wanu,
Bambo a ana


Pa 24 Seputembala

Okondedwa amayi a ana anga,

Moni, moni, moni. Muli bwanji? Ine ulendo uno ndikati ndili bwino ndiyenera kusamala, chifukwa wolemba wasintha, ndipo watsopanoyu ndikanama amachotsa zala pakiyibodi n'kundiyang'ana. Mwaona kale kuti zilembo izi si za a Telala. Akutayipa ndi mwana wanu, wakhala pa sutikesi yanga, laputopu ili pamaondo. M'chipinda muno eni nyumba anatidulira magetsi, koma iyo ikuyaka ngati palibe chachitika. A Telala akhala apo akumwetulira ngati munthu amene wapambana mlandu.

Inu mukudziwa kuti ananyamuka, ndinu munamuperekeza, ndipo munagwirizana kuti musandiuze poopa kuti ndiyambanso ayi wanga. Koma mmene anafikira simukudziwa. Unali usana, ine ndili gone. Ndinamva kugogoda, ndinayesa eni nyumba, ndinakhala chete ngati mulibe munthu. Ndiye ndinamva, "Ababa, ndikukumvani mukupuma." Chitseko chitatseguka ndinaona chikwama kumsana, mtima wanga unagwa. Ndinati, "Wabweradi." Anayang'ana bulangete, anayang'ana kandulo, anayang'ana phazi. Kenako anafunsa a Telala kuti madzi otentha angawapeze kuti. Anapita naye kumapeto kwa khonde, mtsikana uja ndi amene anawiritsa, ndipo anathandizana kundinyamula mpaka pamsewu.

Za mawu amene a Telala anabera malo pansi pa kalata yanga ndamva. Ndinawauza kuti ndi akuba. Anati, "Eya, kandisumireni."

Kuchipatala ndinagona masiku angapo. Mapepala anafunsadi, koma mwana wanu analankhula nawo chilankhulo cha m'maofesi mpaka anatopa okha. Zala ziwiri za kuphazi zatsala komweko. Musalire, sindinkazigwiritsa ntchito kwenikweni. Adokotala akuti ndikanachedwa pang'ono akanayambira pabondo. Akutinso ngolo ndi ine tasiyana.

Mwana wandiuza kuti pulinta sanagulitse. Batire litafika anapita yekha kwa a hedi aja ndi laputopu m'manja, n'kuwatayipira tsamba limodzi pa tebulo lawo lomwe, chingwe palibe, kuti aone ndi maso. Anamupatsa mayeso a teremu ino. Ya basi inachokera pamenepo. Akuti masana amazungulira nayo m'masukulu ndi m'mashopu kutenga ntchito, madzulo n'kudzailumikiza ku sikirini yaikulu kunyumba. Ine ndinkayesa chinthu chimakhala cha patebulo kapena cha pamsewu. Sindinkadziwa kuti chingapite n'kubwera.

Matikiti wagula awiri, a Lachisanu sabata yamawa, bala likayamba kuuma. Kalatayi itsogola ndi a Dalaivala. Mundikonzere mpando wa pafupi ndi khomo, ndipo kansalu kanu kaja mukhoza kundiphimba nako, ine sinditentha.

Koma pali china, ndinene iye akumva, poti ndi iye akulemba. Dzana anapita kwa a Mawaya kukafunsa za kusindikiza kalatayi. Atamuona mmene amatayipira, anamuuza kuti akufuna munthu wotere pashopu, malo ogona kwa mlongo wawo alipo, ndipo za chilolezo athandiza. A Mawaya si munthu woipa. Mwana sanavomere, sanakane, akuti ayambe wafikitsa katundu wake kunyumba. Katunduyo ndine.

Usiku wonse lilime linkandiyabwa kuti ndinene ayi. Ndinaliluma. Ndangomuuza zonse za kuno, zimene sizinkalembedwa papepala zija, osasiyako, ndipo zina wadzionera yekha pakhonde. Tsopano akudziwa zimene ine ndikudziwa. Chotsala n'chake.

Tebulo lija mulipukute, timatabwa musachotse, zingwe zikhale momwemo. Ndamufunsa pompano kuti, "Nanga ukakandisiya, udzabwerera kuno?" Zala zaima. Wandiyang'ana, a Telala nawo aimitsa makina awo opalasa ndi phazi. Ndiye wati, "Ababa, malizani, batire likutha."

Ndamaliza.

Wanu,
Bambo a ana